Tayirodi ikakakamira, musaimenye pamutu

Galimoto zambiri zimene zili m'misewu yathu, monga Vitz, Sienta ndi Probox, zinabwera kuchokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito. Zina zinayenda kumpoto kwa dzikolo, kumene amathira mchere mumsewu nthawi yachisanu kuti madzi oundana asungunuke. Mukaphatikizapo matope athu a m'dzinja, simungadabwe kuona tayirodi, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, itagwira dzimbiri mpaka kukana kutuluka.

Musanagwire sipanala, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, ndipo tchingirani matayala akumbuyo. Jeki ndi yokwezera basi. Galimoto ikhale pa sitandi yachitsulo, osati pa njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika mosachenjeza, ndipo ntchito iyi ndi yomenya ndi kugwedeza.

Palani dzimbiri ndi bulashi ya waya, thirani mafuta olowerera monga WD-40 pa manati onse awiri, yotsekera ya pa ndodo ndi ya pamutu pa bawuti ya tayirodi, ndipo muwasiye. Ngati n'kotheka thirani madzulo kuti mugwire ntchito m'mawa.

Ambiri amalakwitsa ndondomeko. Yambani ndi nati yotsekera, ija ili pa ndodo yochokera ku chiwongolero, tayirodi idakali m'malo mwake. Nthawi imeneyo ili ndi pogwira. Mukayamba mwaizula kutayala imangolendewera, mphamvu yanu yonse n'kumapotokola ndodo. Ingomasulani natiyo pang'ono, ndipo ikani chizindikiro cha penti pamazinga pomwe tayirodi yakale ikulekezera.

Tsopano chotsani kapini kotchinga nati kuti isamasuke, mumasule nati ya pamutu pa bawuti yolumikiza tayirodi kutayala, koma musaichotseretu. Isiyeni ilingane ndi nsonga ya bawuti kuti iteteze mazinga. Bawuti ikamazungulira pamodzi ndi nati, ikanikizeni tayirodiyo kuti ilowerere m'bowo mwake, kaya ndi jeki kaya ndi chitsulo chachitali, igwira.

Chimene chimakakamiza tayirodi si dzimbiri lokha. Bawuti yake ndi yosongoka, yonenepa kutsinde, ndipo inalowa mothina m'bowo losongokanso, ngati mmene khasu limakhalira mumpini. Kuimenya pamutu kumangofutukula nsonga, ndiye imakanika kudutsa m'bowo ngakhale itamasuka. Menyani m'mbali mwa chitsulo chimene chili ndi bowolo. Tsamiritsani hamala yaikulu mbali imodzi, mumenye mbali inayo ndi hamala yachiwiri, mwamphamvu ndiponso molunjika. Kunjenjemera kwa chitsuloko n'kumene kumalavulitsa bawuti. Amene muli ndi pula yake yozulira, imangeni ithine kenako mumenye m'mbalimo. Imatuluka ndi phokoso loti phaa, musadzidzimuke. Chida china chija chooneka ngati foloko chimang'amba labala wophimba mfundo ya tayirodi, choncho n'choyenera pokhapokha tayirodiyo ikukatayidwa.

Moto ukhale njira yomaliza. Tenthetsani nati yotsekera kapena pomwe mazinga agwirana, mutapukuta mafuta aja chifukwa amayaka. Paipi ya mabuleki, waya wa ABS (makina oletsa matayala kukwekwereza pogwira mabuleki) ndi labala wa pa ndodo zili pafupi pomwepo; zitchingeni ndi lata kapena nsanza yonyowa. Pa mfundo yozungulira ya tayirodi, pomwe pachokera bawuti, musaike moto, muli girizi ndi pulasitiki. Ine ndimaona kuti amene alibe chizolowezi ndi moto ndi bwino aitane makaniko pofika apa.

Pomasula tayirodi yakale werengani kuti yazungulira kangati, yatsopano ilowenso chimodzimodzi. Yerekezani ziwirizo musanamange, poti pa galimoto zambiri ya kumanja ndi ya kumanzere n'zosiyana. Pakani girizi pang'ono pamazinga a ndodo, koma posongoka paja pakhale pouma. Bowo la kapini likapanda kulingana ndi mipata ya nati, mangitsani natiyo pang'ono, osabwezera m'mbuyo, ndipo kapini kakhale katsopano. Msomali kapena waya ayi.

Kuwerenga kuja kumangokuthandizani kufika ku galaja. Pitani mukachititse alayimenti, kutanthauza kulunjikitsa matayala, tsiku lomwelo, chifukwa kusiyana kwa mamilimita ochepa chabe kumadya tayala mbali imodzi ndipo chiwongolero chimakhala chopendekera.