Zoyenera kuziganizira musanavomere opaleshoni ya disiki ya msana

Pakati pa mafupa a msana pali timadisiki tofewa 23 tomwe timathandiza kuti mafupawo asamakhulane, ndipo kamodzi kakang'ambika n'kutulukira kunja kamatha kupanikiza mtsempha wopita kumwendo. Nthawi zambiri zimenezi zimachitika m'chiuno, pamalo amene madokotala amawatchula kuti L4-L5 ndi L5-S1.

Yambani ndi kudzifunsa kuti ululu waukulu uli pati. Opaleshoni yochotsa kachidutswa ka disiki imagwira bwino ntchito pa ululu umene umayambira m'thako n'kutsika ndi mwendo mpaka kuphazi, chifukwa imamasula mtsempha umene wapanikizika, koma ngati chimene chikukuvutani ndi msana wokhawokha, mwayi woti mpeni uthetse vutolo ndi wochepa. Musadalire chithunzi cha MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) chokha, pakuti anthu ambiri amene samva kupweteka kulikonse akawajambula amapezekanso ndi madisiki otupa, makamaka akamakula. Chithunzicho chili ndi phindu pokhapokha chikagwirizana ndi mwendo umene ukupweteka ndiponso malo amene akuchita dzanzi.

Pali zizindikiro zimene sizilola kuti munthu adikire. Mukayamba kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka musakudziwa, kapenanso mukachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumaliseche, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha ya kumunsi kwa msana ikakhala yopanikizika kwa nthawi yaitali imatha kuwonongekeratu. Phazi limene layamba kukhwekhwereka poyenda, mphamvu zake zikucheperachepera, nalonso lisagonekedwe.

Ngati zizindikiro zimenezi palibe, nthawi ili kumbali yanu. Anthu ambiri amapeza bwino pakati pa milungu 6 ndi 12 pomwa mankhwala ochepetsa ululu, kuchita mafizo ndi kuyendayenda m'malo mongogona, ndipo kachidutswa kotuluka kaja thupi limatha kukafwetsa lokha. Kafukufuku wa ku Netherlands amene adatuluka mu 2007 adasonyeza kuti odwala amene adachitidwa opaleshoni msanga adachira mwachangu, koma patatha chaka adali ofanana ndi anzawo amene adayamba adikira. Kunena mosabisa, chimene opaleshoni imagula nthawi zambiri ndi kufulumira kwa kuchira, ndipo ndi inu nokha amene mukudziwa ngati mungapirire miyezi ina musakugona tulo kapena musakugwira ntchito.

Tsono ikani zoopsa zake pa sikelo. Nembanemba imene imakuta mitsempha imatha kubooka, madzi a mumsana n'kumadontha, zomwe zimabweretsa mutu waukulu ndipo nthawi zina zimafuna kusokanso. Bala limatha kulowa tizilombo, magazi amatha kuundana m'mwendo, ndipo mwa apo ndi apo mtsempha weniweniwo umavulala, dzanzi kapena kufooka n'kukhalitsa. Chimene ambiri saganizira ndi chakuti disiki lomwelo limatha kutulukanso, ndipo izi zimagwera anthu apakati pa 5 ndi 15 mwa 100 alionse. Opaleshoni yolumikiza mafupa ndi zitsulo ndi nkhani ina yaikulu kuposa iyi, yochedwa kupola, choncho mukauzidwa za imeneyo ndi bwino kumvanso maganizo a dokotala wina.

Polankhula ndi dokotala, afunseni kuti akuyembekezera kuti opaleshoniyo ichotse ululu uti, kuti iwowo amachita maopaleshoni otere angati pa chaka, komanso kuti chingachitike n'chiyani mutadikira miyezi ina itatu. Auzeni za mankhwala onse amene mumamwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi. Ngati mumasuta fodya, siyani kusuta tsiku la opaleshoni lisanayandikire, ndipo ngati muli ndi matenda a shuga, yesetsani kuti shugayo akhale wotsika bwino, popeza zonse ziwirizi zimachedwetsa bala kupola.