Momwe mungayambire filimu ya zaupandu kuti woonera asaisiye panjira

Anyamata ndi atsikana athu ambiri kuno ku Johannesburg ayamba kujambula mafilimu aafupi pa foni, makamaka Lamlungu akapuma kuntchito, n'kumawaika pa YouTube ndi pa Facebook. Nkhani sizisowa: katundu wosowa pa ulendo wa kumudzi, mapepala achinyengo, ngongole ya katapila. Pamene ambiri amagwa m'pachiyambi. Mphindi ziwiri zoyamba zimathera pa mayina a osewera, nyumba zosanja za m'tauni ndi munthu akudzuka kukasamba. Woonera amene wagula data movutikira sadikira zimenezo, amangopitirira.

Chiyambi chimene ophunzitsa zamafilimu amakonda kuonetsa ndi cha Touch of Evil, filimu ya Orson Welles ya mu 1958. Chithunzi choyamba ndi manja a munthu akutchera nthawi pa bomba. Munthuyo akuthamanga, akuliponya m'buti ya galimoto, eni galimoto akubwera n'kukwera osadziwa kanthu. Kamera ikuilondola galimotoyo m'tauni ya m'malire a Mexico ndi America kwa mphindi zoposa 3 osadula ngakhale kamodzi. Ikuima pa wapolisi wa pamsewu, ikuyandikira mwamuna ndi mkazi ongokwatirana kumene amene akuyenda pansi, ikuwasiya, ikuwapezanso pachipata. Palibe wowombera mfuti, palibe wothamangitsa mnzake, koma mtima wa woonera uli m'mwamba chifukwa akudziwa chimene chili m'butimo. Njira imeneyi imatheka ndi foni imodzi ndi anthu anayi.

Choyamba: uzani woonera chinsinsi chimodzi, wosewera mumubisire

Apa mpamene pagona zonse. Alfred Hitchcock, katswiri wopanga mafilimu oika mtima m'mwamba, ankafotokoza ndi anthu awiri ocheza patebulo, pansi pake pali bomba. Likaphulika woonera asakudziwa kuti lilipo, amadzidzimuka kwa masekondi ochepa basi. Mukamuonetsa bombalo poyamba, macheza wamba a anthu awiri aja amamudetsa nkhawa mpaka atathe.

Simukufunika bomba. Tiyerekeze chonchi: m'chipinda chosungira katundu wopita kumudzi ku Mayfair, tikuona manja okha, akunjenjemera, akulowetsa foni yong'aluka galasi pakati pa bulangete latsopano. Pagalasipo pali chithunzi cha bambo atanyamula mwana, pakona pali kadontho ka magazi. Foniyo ndi yoyaka. Manja aja akutseka zipi ya chikwama chachikulu chamizeremizere, n'kuchoka. Akulowa mayi wachikulire, akusenza chikwamacho, n'chake. Masekondi 20 akwana, ndipo woonera wadziwa kale zimene mayiyo sakudziwa.

Chinsinsi chikhale chimodzi. Mukaikamonso ndalama, mankhwala ndi kalata, woonera amayamba kuwerenga zinthu m'malo mochita mantha.

Chachiwiri: ikani malire a nthawi, ndipo aoneke ndi maso

Nkhawa yopanda nthawi imazirala msanga. Mayi aja basi yawo inyamuka 6 koloko, ndipo wotchi ya pakhoma ikuti 5:52. Penapake pali mwamuna wakhala m'galimoto, akuyang'ana kadontho kosonyeza pamene pali foni yobisidwa ija kakuyenda pa mapu a pafoni yake. Onetsani nthawi katatu: poyamba, pakati, ndi pafupi ndi mapeto. Kupitirira apo imatopetsa. Ndipo musanamize: ngati wotchi yati kwatsala mphindi 3, chinthucho chichitike mkati mwa mphindi 3 za filimu, apo ayi woonera saikhulupiriranso wotchi yanu.

Chachitatu: mupatseni woonera munthu woti amudere nkhawa

Ngozi ikagwera munthu amene sitinamudziwe, timangoti pepa. Simukusowa mbiri ya moyo wake wonse, kachinthu kamodzi n'kokwanira. Mayi aja aime panjira, amasule mfundo ya chitenje, awerenge ma R20 opindikapindika, abwezeremo limodzi, agulire mdzukulu maswiti. Kapena alankhule pa foni yawo yeniyeni: “Ee, bulangete lako lija ndagula, usadandaule.” Chiganizo chimenechi chikugwira ntchito ziwiri, chikutikondetsa mayiyo komanso chikutikumbutsa chili m'bulangetemo.

Olemba ambiri amalakwitsa apa pofuna kuti osewera afotokoze nkhani ndi pakamwa. Wina amayamba kuti “monga ukudziwa, mchimwene wako anaphedwa dzulo ku Hillbrow”. Anthu salankhula choncho. Pachiyambi osewera azikamba zazing'ono, mtengo wa katundu pa basi, kuzizira kwa mu June, zoopsazo zikhale m'chikwama.

Chachinayi: lembani masamba atatu, kenako mndandanda wa zithunzi

Tsamba limodzi la sikiripiti yolembedwa mwadongosolo limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Chiyambi chikhale masamba awiri kapena atatu. Mukatero lembani chithunzi chilichonse pachokha: chapafupi kwambiri cha manja ndi foni, chapakati cha mayi akusenza, chapatali choonetsa msewu, chapafupi cha zipi imene yayamba kutseguka. Yambani ndi chapafupi, chapatali chibwere pambuyo. Ambiri amachita mosemphana, n'chifukwa chake mafilimu athu amayamba ndi nsanja ya Ponte m'malo moyamba ndi vuto.

Lamulo lina losavuta: chikwamacho chisachoke m'chithunzi kwa masekondi oposa 10. Ngakhale mayi akulankhula ndi kondakitala, ngodya yake ioneke m'munsi.

Kujambula kosadula kumakoma, koma musakuyambe musanayeserere. Wosewera mmodzi akaphonya pa mphindi yachitatu, mumayambiranso zonse, dzuwa likusuntha. Ngati mulibe chogwirira kamera kuti isagwedezeke, gawani njirayo zigawo zinayi ndipo muzidula pamene munthu kapena minibasi yadutsa kutsogolo kwa kamera.

Usiku pali vuto la magetsi. Magetsi a ku South Africa ndi a 50 Hz, ndiye mukajambula pa mafulemu (zithunzi) 30 pa sekondi pansi pa mababu ena a m'mashopu, chithunzi chimaphethira kapena kutuluka mizere. Ikani mafulemu 25 ndi shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa fulemu iliyonse) ya 1/50 ya sekondi, ndipo tsekani focus (pamene kamera yalunjika kuti paoneke bwino) ndi kuwala kuti foni isamasinthe yokha mayi akamadutsa pa mdima.

Chachisanu: mawu ndi phokoso

Woonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka sawapirira. Maikolofoni ya pafoni imatola mahutala onse a pa depoti ya maminibasi ya Noord n'kusiya wosewera wanu. Mumangirireni kamaikolofoni kapakolala, ndipo mukamaliza jambulani phokoso la pamalopo lokha kwa mphindi imodzi, aliyense ali chete, kuti mudzatsekere mipata polumikiza zithunzi.

Nyimbo musafulumire nayo. Pamene Touch of Evil inakonzedwanso mu 1998 motsatira kalata ya masamba 58 imene Welles analembera eni situdiyo, pachiyambi paja anachotsapo mayina ndi nyimbo yaikulu, n'kusiya nyimbo zotuluka m'mabala ndi mu wailesi ya galimoto ija. Galimoto ikayandikira, wailesi yake imamveka kwambiri, choncho khutu limadziwa pamene bomba lili. Chitani chimodzimodzi: foni ya m'bulangete injenjemere chapansipansi, mayi asamve chifukwa cha phokoso la msewu, koma ife timve.

Chachisanu ndi chimodzi: chilolezo ndi nkhani ya mfuti

Park Station, siteshoni yaikulu ya sitima ndi mabasi, ili m'manja mwa PRASA, bungwe la boma loyendetsa sitima zonyamula anthu, ndipo simungangofika ndi osewera n'kuyamba kujambula. Za chilolezo chojambulira m'misewu funsani ku Gauteng Film Commission, ndipo chilichonse chosokoneza magalimoto chimakhudza a JMPD, apolisi a mzinda wa Johannesburg. Ngati ndalama n'zochepa, pemphani bwalo la nyumba kapena kuseri kwa shopu ya munthu wodziwana naye, muike zikwama ndi benchi, phokoso la siteshoni mudzaliike pambuyo.

Mfuti yoseweretsa musatuluke nayo pamsewu. Lamulo la Firearms Control Act la 2000 limaletsa kuloza munthu, popanda chifukwa chomveka, ndi chinthu chimene angachiyese mfuti yeniyeni, ndipo mlonda kapena wapolisi wodutsa sadziwa kuti mukuchita sewero. Pa chiyambi chonga ichi mfuti siifunika n'komwe.

Pomaliza: dulani pamene funso lakula, osati pamene layankhidwa

Wapolisi waimitsa mzere wa okwera, akuti aliyense atsegule chikwama. Mayi akugwada, akugwira zipi. Foni ikuyamba kulira. Dulani pomwepo, kuderetu, dzina la filimu lituluke. Mayina a osewera apite kumapeto.

Musanaiike pa intaneti, onetsani mphindi zitatuzo kwa anthu asanu amene sakuidziwa nkhaniyo, inu osanena kalikonse. Ikatha afunseni zinthu ziwiri: m'chikwama muli chiyani, ndipo akuopa kuti chichitika n'chiyani. Akalephera funso loyamba, chithunzi cha manja ndi foni chafupika kapena chada, chitalikitseni ndi masekondi awiri kapena atatu. Akalephera lachiwiri, wotchi ndi mwamuna wa m'galimoto uja sanaoneke mokwanira, bwererani mukawajambulenso chapafupi.