Kayendetsedwe ka zolengedwa za makina mu Dungeons & Dragons

Okonda masewera a patebulo oyerekeza nkhani otchedwa Dungeons & Dragons amasiyana maganizo pa nkhani ya zolengedwa zoyendera magiya ngati wotchi yakale. Ena amati makina amasokoneza kukoma kwa dziko la malupanga ndi matsenga, pomwe ena amazikonda kwambiri. Ine ndimaona kuti vuto limayamba pamene woyendetsa masewera akuzitenga ngati adani wamba ongoyenera kumenyedwa basi.

Tengani chitsanzo cha ma modron, omwe ndi zolengedwa za makina za m'masewerawa. Kwawo ndi ku Mechanus, dziko la dongosolo lokhalokha, ndipo wowalamulira wamkulu ndi Primus. Monodrone, yemwe ndi wotsikitsitsa mwa ma modron onse, amagwira ntchito imodzi yokha pa nthawi. Choncho ngati ndinu woyendetsa masewera, musanakhale patebulo, lembani papepala lamulo lenileni limene iye wapatsidwa, mwachitsanzo lakuti "usalole aliyense wonyamula chida kulowa pakhomo ili", ndipo mulitsatire liwu ndi liwu. Osewera akalizindikira lamulolo, amayamba kukambirana zosiya malupanga panja kapena kuwaponyera mkati kudzera pazenera, ndipo kukambirana kotereku kumakoma kuposa kungoponya madayisi. Musalole kuti amunyengerere ndi mawu okoma kapena kumukakamiza ndi matsenga, chifukwa malamulo a masewerawa a mu 2014 amanena kuti modron sangaumirizidwe kuchita zosemphana ndi zimene anauzidwa.

Ngati nkhondo yabukabe, kumbukirani kuti modron akafa thupi lake limasanduka fumbi, n'kungotsala zida ndi zimene ananyamula, kotero musawalonjeze osewera magiya oti akagulitse.