Musanapite ndi buku lanu kwa osindikiza

Abale amene mukulemba buku loyamba kuno ku Harare, nambala ya ISBN, yomwe imazindikiritsa buku padziko lonse, imatengedwa ku National Archives, malo a boma osungirako zolemba zakale, mumsewu wa Borrowdale. Yambani mwaitenga, chifukwa masitolo ambiri salandira buku lopanda nambalayi.

Koma chachikulu n'ichi: ngati mwalemba m'Chichewa, auzeni osindikiza ayambe akupangirani buku limodzi lokha. Ambiri mwa iwo amalankhula Chishona, ndiye sangaone kuti kompyuta yameza kachizindikiro ka mu "ng'ombe" kapena yadula mawu molakwika kumapeto kwa mzere. Bukulo mukawapatse akuluakulu odziwa bwino Chichewa, kaya akumpingo ku Mbare kapena ku Mufakose, aliwerenge pensulo ili m'manja. Achibale ayi, amangoyamikira. Mukakhutira, sindikizani ochepa kaye, ena mudzawonjezera oyambawo akatha.