Momwe mungakhazikitsire kuyamikana pagulu lophunzira Chijapanizi

Gulu lophunzira Chijapanizi limayima pa anthu ochepa kwambiri. Kaya ndi la ophunzira a ku Mzuni ku Luwinga, kaya ndi la anthu apantchito okumana Loweruka ku Katoto n'kumathandizana pa WhatsApp mkati mwa sabata, oyankha mafunso amakhala omwewomwewo: amene anayamba kalekale, amene anakhalako ku Japan, mwinanso mnzathu wa ku Japan wothandiza mwaulere. Anthuwa salipidwa. Bandulo amagula ndi ndalama zawo, ndipo amakonza ziganizo za anzawo usiku atatopa. Akagwa ulesi satsanzika, amangoti zii, mafunso n'kumagona osayankhidwa. Magulu ambiri amatha chonchi, popanda ndi mkangano womwe.

N'chifukwa chake kuyamika timakuika m'gulu la ntchito za oyendetsa gulu, mofanana ndi kukonza tsiku lokumana. Kungolengeza kuti "tiyeni tiziyamikana" sikusintha kanthu. Pamafunika kuphunzitsa anthu kathokozedwe kake, mawu ake a Chijapanizi, ndi nthawi yake.

Kuthokoza kokhala ndi mutu

Lamulo loyamba nali: wothandizidwa atchule amene wamuthandiza, chimene wamuchitira, ndi chimene chasintha. Tinene kuti wina anafunsa kusiyana kwa timawu ta Chijapanizi ni ndi de, mnzake n'kumufotokozera kuti de amasonyeza malo amene chinthu chikuchitikira, monga toshokan de benkyou shimasu (ndimaphunzira mu laibulale), pomwe ni amasonyeza malo amene munthu kapena chinthu chili, monga toshokan ni imasu (ndili mu laibulale). Kuyankha kuti "zikomo nonse" n'kutaya mwayi. Alembe chonchi: "Achimwene, zikomo pondimasulira ni ndi de. Ndabwerezanso ziganizo 10 zija, ndaphonya 2 zokha."

Mbali yachitatuyo ndiyo imene anthu amaiwala, koma ndiyo yolemera. Wothandiza amafuna kudziwa ngati kufotokoza kwake kwagwira ntchito. Akamva kuti mwaphonya 2, akufunsani kuti ndi ziti, phunziro n'kupitirira. Yankho lotere lifike tsiku lisanathe, ndipo lilumikizidwe ku uthenga womwe unathandizawo, kuti obwera mochedwa aone funso, yankho ndi zotsatira pamodzi.

Mawu ake, malinga ndi pamene munthu wafika

Apa mpofunika kudekha, chifukwa Chijapanizi chimasiyanitsa kwambiri polankhula ndi mnzako ndi polankhula ndi wamkulu. Kwa ife si zachilendo. Amene amadziwa kusiyanitsa iwe ndi inu wamva kale theka la nkhaniyi.

Sabata yoyamba aliyense adziwe arigatou gozaimasu, ndipo akhale mawu a gulu lonse. Arigatou yekha ndi wa anzako ozolowerana nawo. Doumo payekha ndi wopepuka, woyenera pomwe wina wakupatsira cholembera, osati kwa aphunzitsi omwe akukonzera ndime yonse. Chinthu chikatha, monga phunziro la tsikulo, mawu amapita m'nthawi yakale: arigatou gozaimashita. Ophunzira atsopano amasokoneza awiriwa kawirikawiri, ndipo njira yachidule yowathandiza n'kuwazoloweza kutsekera msonkhano uliwonse ndi gozaimashita.

Akafika pa aneni othera ndi te, kuthokoza kusanduke phunziro la galamala. Kwa mnzako: oshiete kurete arigatou, zikomo pondiphunzitsa, naoshite kurete arigatou, zikomo pondikonzera. Kwa wamkulu kapena aphunzitsi kurete amasintha kukhala kudasatte: oshiete kudasatte arigatou gozaimasu. Apa lamulo lija lotchula chimene munthu wachita lalowa kale m'chiganizo momwemo. Onjezani tasukarimashita, kutanthauza kuti zandithandiza, ndipo amene apita patsogolo aphunzire okage de: senpai no okage de wakarimashita, ndamvetsa chifukwa cha inu amene munanditsogolera. Chenjezo lili pa sei de. Nayenso amanena za chifukwa, koma cha zoipa. Wolemba sensei no sei de akuimba mlandu aphunzitsi pomwe iye akuyesa kuti akuthokoza.

Pobalalika nenani otsukaresama deshita, mawu oyamikira khama la onse. Gokurousama musiyeni, popeza kawirikawiri amachokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndipo samveka bwino akachoka pakamwa pa wophunzira kupita kwa aphunzitsi. Musadabwenso munthu wa ku Japan akati sumimasen mutamuchitira zabwino. Sakupepesa cholakwa, akuvomereza kuti mwavutika chifukwa cha iye. Poyankha othokoza, mabuku amaphunzitsa dou itashimashite, koma pocheza mudzamva kwambiri iie (ayi, palibe kanthu), kapena kochira koso (ndine woyenera kuthokoza) pomwe nonse mwapindula.

Pali mwambo umodzi umene timafanana nawo kwambiri. Kuno munthu akakuchitira zabwino umakathokozanso m'mawa mwake, za dzulo zija. Ku Japan nakonso amathokoza kachiwiri mukakumananso: kinou wa arigatou gozaimashita ngati zinali dzulo, senjitsu wa arigatou gozaimashita ngati papita masiku. Phunzitsani izi msanga. Amene adzapite ku Japan pa maphunziro a MEXT, olipiridwa ndi boma la Japan, omwe amadzera ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, adzawagwiritsa ntchito kwa aphunzitsi awo kuyambira sabata yoyamba.

Katchulidwe nako kasamalidwe. Lilime la Chichewa limakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye ambiri amati arigaato. Chijapanizi chimakoka o womaliza, n'chifukwa chake polemba mu hiragana, zilembo zoyambira za Chijapanizi, amathera ndi う: ありがとう. Pa foni tayipani arigatou, osasiya u. Mu kudasatte imani pang'ono musanatchule te, ndipo u womaliza wa gozaimasu samveka kwenikweni. R wawo asakuopseni, ali pafupi ndi wathu. Pemphani aliyense atumize mawu ojambula a masekondi 15 kapena 20 akuthokoza munthu mmodzi. Sadya bandulo yambiri, ndipo zolakwika zimamveka poyera.

Dongosolo la sabata

Sankhani tsiku limodzi, monga Lachisanu madzulo. Woyendetsa gulu atsegule ndi funso limodzi: ndani wakuthandiza sabata ino, ndipo pa chiyani? Aliyense alembe ziganizo zosapitirira 2, chimodzi m'Chijapanizi cha pamlingo wake, china m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'chilankhulo chimene mtima wake umamasuka nacho. Wina akalemba yewo chomene pambali pa arigatou gozaimasu, musamuletse. Amene sanamalize zilembo 46 za hiragana aloledwe kulemba ndi zilembo zathuzi, koma mugwirizane tsiku lodzasiya.

Chitsanzo cha uthenga wabwino chikhomedwe pamwamba pa gulu. WhatsApp imalola kukhoma uthenga kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, choncho sankhani masiku 30 n'kumabwereza mwezi ndi mwezi. Wotsegula Lachisanu azisinthasintha. Akakhala munthu mmodzi yekhayekha, anthu amayamba kuona ngati ndi khalidwe lake la iyeyo, osati la gulu.

Woyendetsa akhalenso ndi kakope kolembamo ntchito zosaoneka. Oyankha mafunso ovuta a kanji, zilembo za Chijapanizi zochokera ku China, amaonekera okha. Amene saonekera ndi uja amatsegula intaneti ya pa foni yake kuti anzake akopere zomvetsera, uja amapita kukachita fotokope, uja amapereka chipinda, uja amatchajira anzake mafoni magetsi akazima, ndi uja amakwera kabaza kuchokera ku Mchengautuwa m'chisanu cha Juni kudzatsegula pakhomo ena asanafike. Awa atchulidwe mayina kamodzi pa mwezi. Kamodzi pa chaka mungagwiritse ntchito 23 Novembala, tsiku limene ku Japan ndi tchuthi choyamikira ntchito, Kinrou Kansha no Hi, kulembera kalata yaifupi aphunzitsi ndi onse othandiza.

Zimene zimasokonekera

Choyamba ndi chigumula cha zikomo. Wina watumiza mndandanda wa mawu a N5, gawo loyambirira la mayeso a Chijapanizi, anthu 30 aliyense n'kutumiza kachithunzi ka manja opemphera. Funso la wina limakwiririka, mabandulo amatha, ndipo ena amatseka mawu a gulu osadzawatsegulanso. Gwirizanani kuti pa chinthu chotumizidwa kwa onse, munthu azingodina chizindikiro pa uthengawo. Kulemba kukhale kwa amene wachigwiritsa ntchito ndipo ali ndi chonena.

Chachiwiri ndi mpikisano. Kuwerenga kuti ndani wathokozedwa kwambiri mwezi uno kumaoneka kwanzeru, koma kumabala oyankha mothamanga, osafufuza, ndipo m'chilankhulo yankho lolakwika limakhazikika m'mitu ya anthu ambiri nthawi imodzi. Ife sitilimbikitsa zimenezi. Kukakamiza nako n'chimodzimodzi. Amene sanathandizidwe sabata imeneyo asapeke zothokoza.

Chachitatu ndi chovuta kuposa zonse: kukonzedwa pagulu kumawawa. Munthu walemba ndime yake yoyamba monyadira, wina n'kumusonyeza zolakwa 9. Zikomo wake atuluka mokukuta mano, mwina sadzalembanso. Wokonza asankhe zolakwa 2 zazikulu, ayambe watchula chimene chili bwino, ndipo athokoze wolembayo pobweretsa chiganizo chimene onse aphunzirapo. Wofunsa nayenso ndi wothandiza, chifukwa funso lake linali m'mitu ya ena omwe anachita manyazi. Oyendetsa gulu akakonzedwa ndi wamng'ono, athokoze poyera ndi mawu aulemu onse. Zimenezi zimaphunzitsa kuposa lamulo lililonse lolembedwa.

Za mphatso samalani. Kusonkherana pa Airtel Money kapena Mpamba kugulira bandulo munthu amene amatsogolera maphunziro n'kwabwino, bola ndalamazo zilengezedwe kuti zalowa zingati ndipo zagula chiyani. Koma mlendo wa ku Japan, monga odzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, omwe akhala akubwera m'Malawi kuyambira 1971, ndalama zingamuike pamalo ovuta. Ndiponso kwawo mphatso yaikulu imamusiya wolandira akuganiza zobweza. Kapaketi ka khofi wa ku Mzuzu ndi kalata yolembedwa pamanja mu hiragana, ngakhale zilembo zikhale zokhota, n'zokwanira. Pajatu kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana: ngati akuphunzira Chichewa kapena Chitumbuka, mupatseni mphindi 15 za msonkhano kuti nayenso afunse zake.

Ngati wothandizayo ali ku Japan, kumbukirani kuti nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 7. Zikomo wotumizidwa 8 koloko usiku kuno amalira pa foni yake 3 koloko m'bandakucha. Tumizani pakati pa 11 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pomwe kumeneko kuli madzulo.

Miyezi yoyandikira mayeso a Chijapanizi a JLPT, omwe amachitika mu Julayi ndi mu Disembala malinga ndi malo, mafunso amachuluka ndipo othandiza amatopa msanga. Nthawi imeneyi woyendetsa aziyang'ana amene anali kuyankha kawirikawiri koma wakhala chete milungu 2. Amulembere payekha, osati pagulu, amutchulire chinthu chimodzi chenicheni chimene anathandiza nacho ndi amene chinamupindulira. Mu uthenga umenewo musaphatikizemo pempho lililonse, ngakhale laling'ono. Mafunso omwe akudikira agawireni ena a pamlingo wotsatira, ndipo iwonso athokozedwe ndi dzina Lachisanu likudzalo.