Pulogalamu ikakana kulowa mu kompyuta, musathamangire kufomata

Kuno ku Mulanje, pulogalamu ikangokana kulowa, ambiri amanyamula laputopu ulendo wa pa Chitakale kapena ku Limbe kukafomatitsa, kutanthauza kufufuta zonse n'kulowetsanso Windows. Zithunzi za ukwati, ma CV ndi ntchito za ana za kusukulu zimathera pomwepo, chonsecho vutolo likanatha muli panyumba. Yesani izi kaye.

Werengani kabokosi kamene katuluka. Musafulumire kudina OK. Kajambuleni ndi foni, chifukwa mawu ndi nambala zili pamenepo ndi zimene zikulozereni podwala.

Onani ngati fayilo ya pulogalamuyo inatsika yonse. Apa ndi pamene ambiri timagwa. Netiweki ikaduka, kapena bandulo ikathera panjira, fayilo imatha kuoneka yabwinobwino mu Downloads pomwe ndi yoduka. Mukaona "NSIS Error" kapena "The setup files are corrupted", kawirikawiri nkhani ndi imeneyi. Dinani batani lakumanja la mausi pa fayiloyo, sankhani Properties, muone kukula kwake. Ngati pa webusayiti analemba 350 MB koma yanu ili 212 MB, ifufuteni, mutsitsenso netiweki ikakhazikika. Kuiyesa kakhumi sikungaikwaniritse. Ngati eni pulogalamuyo ali ndi "offline installer", tengani imeneyo, chifukwa yawamba ija imafunanso intaneti pamene ikulowa.

Fayilo ya zip iyambe yamasulidwa ndi Extract All, osatsegula setup (fayilo yolowetsera pulogalamu) ili m'kati momwemo. Za pa fulashi nazo muzikayikire. Fulashi imene yazungulira m'makompyuta a m'malo osindikizira mapepala nthawi zambiri imabwerako ndi vayirasi yosandutsa mafayilo kukhala ma shortcut. Setup ya 1 KB kapena 2 KB yokhala ndi kamuvi pakona musaidine n'komwe.

Kodi pulogalamuyo ndi ya kompyuta yanu? Uthenga woti "This app can't run on your PC" nthawi zambiri umatanthauza kuti mwatenga ya 64-bit pomwe Windows yanu ndi ya 32-bit. Pitani ku Settings, System, About, muwerenge pa System type. Ya 32-bit imalowa mu Windows ya 64-bit, koma ya 64-bit singalowe mu 32-bit. Malaputopu akale ogulidwa atagwiritsidwa kale ntchito ali ndi vuto linanso: Chrome yomaliza yolowa mu Windows 7 ndi 109, ndipo Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiye mapulogalamu atsopano aziikana pang'onopang'ono.

Malo. Nambala 0x80070070 ikutanthauza kuti disiki yadzaza. Setup imayamba yadzimasula pa disiki C, choncho imafuna malo oposa kukula kwake. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani %temp%, fufutani zili mmenemo, zokana zisiyeni. Mavidiyo asamutsireni pa fulashi.

Onani deti pakona ya sikirini. Likamaonetsa chaka chakalekale, kompyuta imakana ziphaso za mawebusayiti ndipo setup yofuna intaneti imalephera. Likonzeni. Likamabwereranso m'mbuyo mukazimitsa, kabatire kosunga nthawi ka m'kati mwa kompyuta katha. Mu desikitopu ndi CR2032, kaphwatalala ngati kandalama kachitsulo, ndipo mungasinthe nokha. Ka laputopu apatseni amisiri.

Magetsi akazima pulogalamu ili m'kati molowa, imasiya zidutswa zimene zimatsekereza ulendo wachiwiri. Nambala 1618 ikuti pali china chikulowa, nthawi zina Windows Update, ndiye dikirani. Ya 1603 imabwera pa zifukwa zingapo, koma yambani ndi kuchotsa yakale: Control Panel, Programs and Features, Uninstall. Kenako sankhani Restart, osati Shut down, popeza Shut down ya Windows 10 ndi 11 imasunga zina kuti idzayake msanga. Ikayaka, dinani kumanja pa setup, musankhe Run as administrator. Nyengo ya mvula ya mabingu, laputopu ikhale yodzaza moto musanayambe.

Ikalowa koma n'kumadandaula za kusowa kwa fayilo ya VCRUNTIME140.dll kapena MSVCP140.dll, musakatole fayilo imodziyo pa mawebusayiti achilendo, ndi njira imene mavayirasi amalowera. Tsitsani Visual C++ Redistributable ya 2015-2022 kwa Microsoft, ndipo pa Windows ya 64-bit ikani zonse ziwiri, x86 ndi x64.

Antivayirasi ikagwira setup, ena amati izimitseni. Ife sitivomereza zimenezo ngati pulogalamuyo ndi yobedwa imene mnzanu anakuponyerani pa WhatsApp. M'kompyuta momwemo ndi mmene mumalowera ku banki ndi ku imelo.

Zonsezi zikakanika, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani sfc /scannow, mudikire ifike 100%. Imakonza mafayilo a Windows owonongeka. Ikakanabe, koperani mafayilo anu pa fulashi yopanda vayirasi, mupite kwa amisiri ndi chithunzi cha uthenga chija, ndipo muwauze zonse mwayesa kale.