Kukwera phiri la Mulanje mpaka ku Sapitwa: mmene ine ndimachitira

Ndikangotchula za ulendo wa ku Mulanje, amayi anga sasintha mawu: "Koma ku Sapitwa kokha usakafikeko." Sindiwadzudzula, dzinalo likuchenjeza kale. Komabe pa nsonga imeneyi, yotalika mamita 3,002, anthu amafikapo. Ine ndimapatula masiku anayi, pakati pa Meyi ndi Okutobala, miyala isanayambe kuterera ndi mvula.

Nyamukani ku Limbe m'mamawa. Msewu wa Midima ndi wachidule, koma ine ndimakonda wodzera ku Thyolo, wokhotakhota m'minda ya tiyi. Mukamatsetserekera ku Luchenza phiri lija limaoneka lonse, mwina litavala mtambo kumutu. Tsikani pa Chitakale mugule ufa, usipa, shuga, masamba a tiyi ndi machesi, kenako kwerani kabaza mpaka ku Likhubula. Pa ofesi ya zankhalango mumalembetsa, kulipira, ndi kupeza wolondolera njira komanso wonyamula katundu. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo tengani ndalama za m'manja.

Musaumire pa wolondolera njirayu. Ulendo wina tili pakati pa tinyumba togonamo ta Chambe ndi Chisepo, dzuwa lili phwee, chiperoni chinangotulukira kuseri kwa chitunda. Pasanathe mphindi khumi mnzanga amene anali patsogolo sindimamuonanso, ndimangomva ndodo yake ikugogoda pamwala. Wolondolera wathu anati, "Achimwene, khalani pansi pomwe mulipo." Tinakhala ola lathunthu, mano akuwombana. Alendo ena amene anakwera okha ku Sapitwa anatayikako, mu 2003 ndi mu 2009, ndipo sanabwerere amoyo.

Tsiku loyamba kagoneni ku Chambe. Njira ya Skyline ndi yachidule koma yachimtunda chosapumitsa. Ya Chapaluka imatsata mtsinje wa Likhubula, yotalikirapo, ndipo simutalikira Dziwe la Nkhalamba. Pokwera ndimatenga Skyline, Chapaluka ndimasungira potsika kuti ndikaviike miyendo m'madzi ozizira aja. Tsiku lachiwiri ndi la ku Chisepo, kanyumba kamene kali m'munsi mwa Sapitwa.

Tinyumba ta m'phirimu ndi tamatabwa, tili ndi malo osonkhapo moto ndi mlonda amene amathandiza nkhuni ndi madzi. Chakudya ndi chofunda ndi zanu. Mu Juni ndi Julayi kumazizira moti madzi amatha kuundana usiku, choncho bulangeti limodzi lopyapyala silikwana. Machesi muwakulunge mu jumbo. Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi: ine ndinavalapo zatsopano, ndipo pofika ku Chambe zidendene zinali matuza okhaokha, pamene mnyamata wonyamula chikwama changa amadumpha miyala atavala patapata.

Tsiku lachitatu dzukani kusanache, yang'anani kumwamba. Kukakhala mitambo, musapite. Kukayera, siyani chikwama pa Chisepo, tengani madzi, jekete ndi kachakudya. Kukwera kumatenga maola atatu kapena kupitirira, ndipo manja amagwira ntchito ngati miyendo: pena mukukwawa pa thanthwe, pena mukudzipanikiza pansi pa mwala. Pamwamba musachedwepo, masana mitambo imasonkhana. Akuluakulu amati mukapeza chakudya m'phirimu, idyani nokha osaitana mnzanu, ndi cha mizimu. Ine sindinachipezepo, koma sindiseka nkhaniyi, ndipo musakaiseke pamaso pa eni dera. Mu 2025 UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe choterechi.

Potsika tsiku lachinayi mawondo ndiwo amalira, choncho pezani ndodo. Ufa ndi shuga zotsala musiyireni mlonda, zinyalala zonse mutsike nazo. Kumunsi angakutsatseni timabokosi tonunkhira ta mkungudza. Ine ndinasiya kugula nditaona zitsa zake kumtunda kuja.